Nsapato Imodzi

Makiyi a kushopu anapezeka m'firiji, atatsamira botolo la mkaka. Kamvuluvulu anali atawasaka kwa theka la ola, atakhuthula chikwama kawiri, atagwada n'kusuzumira kunsi kwa mipando yonse, ndipo pamene ankatsegula firijiyo sankafunanso makiyi ayi, ankafuna mkaka wothira mu tiyi wa amayi ake. Tiyi yemweyo panalibe, chifukwa madzi anali ataphwera kalekale m'ketulo.

Amayi anaseka. Kanali koyamba kuseka chiikireni abambo m'manda masiku asanu apitawo, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati mwana uyu ndi bambo ake enieni, wangotsala kuyenda ndi nsapato imodzi. Paja malemuwo ndi mmene ankadziwikira m'nyumbamo. M'mawa uliwonse unkawamva akubwera mukolido, phazi lina gu, lina phwa, lamanja lili mu nsapato, lamanzere lili ndi sokosi yokha, akupita kuchipinda kukapatsa amayi mankhwala ndi kapu ya madzi. Anachita zimenezo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ukawafunsa kuti nsapato inayo ili kuti, ankangoti ikubwera.

Achemwali ake a Kamvuluvulu sanaseke. Iwowa ndi mphunzitsi wamkulu pasukulu ina yakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo pakhomopo aliyense amawatchula kuti Ahedi, ngakhale amayi owabereka. Anali ataima pakhomo, chikwama kukhwapa, maso pa wotchi ya pamkono, monga amaimira pageti kudikira ana ochedwa.

"Lamlungu ndikubwerera kusukulu," anatero Ahedi. "Amayi ndikupita nawo. Ndalankhula kale ndi alamu ako, chipinda akonza."

Zifukwa anazindandalika ngati malamulo a sukulu. Amayi ali ndi vuto la mtima, ndipo adokotala ananena mosapsatira kuti mapiritsi a m'mawa si odumphitsa. Maso awo anachita ng'ala, loyera ndi lachikasu sangalisiyanitse. Amene ankawapatsa wapita. Ndipo botolo lenilenilo la mapiritsiwo linasowa tsiku limene abambo anathamanga nawo kuchipatala. Anayang'ana kuseri kwa chitseko kumene abambo ankakonda kulisiya pansi, anangopezako nsapato, mpaka Ahedi anachita kukatenga lina kuchipatala. Nanga m'nyumba munali ndani tsiku limenelo? Munali munthu amene amasunga makiyi m'firiji.

Amayi analankhula motsitsa, akusisita bondo. Anati nyumba ino amaiona ndi mapazi, amadziwa pamene pali tebulo, pamene simenti inasweka, ndi mmene chitseko cha kubafa chimafunira kuchikankha. Kunyumba ya eni adzakhala wakhungu weniweni, wochita kugwiridwa dzanja popita kukataya madzi. Ahedi anati bola kugwiridwa dzanja kusiyana n'kunyamulidwa pamachira, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Kamvuluvulu anafuna kunena kuti iye angathe, koma makiyi ozizirawo anali m'manja mwake. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Dzinalo anapatsidwa asanayambe sukulu, chifukwa kumene wadutsa kunkatsala makabati otsegula ndi ntchito zosatha. Anabwerera kwa makolo ake banja litatha, ntchito zitatu zitamuthera chifukwa chochedwa, ndipo pa ntchito yachinayi, yosindikiza makadi ndi zikwangwani, ankamusunga chifukwa manja ake ndi aluso kuposa a onse. Mwambi wa ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, anaumva kwa Ahedi kambirimbiri moti akaona pusi ankachita kumumvera chisoni ngati m'bale.

Chimene Ahedi sankadziwa n'chakuti miyezi itatu m'mbuyomo Kamvuluvulu anapita kuchipatala. Anali atasiya ayironi yoyaka pa tebulo mpaka thabwa linachita bowo, ndipo anachita mantha kuti mwina mutu wayamba kusokonekera. Anamutumiza kwa adokotala a zamaganizo, mayi wachikulire wa magalasi, amene anamufunsa mafunso maulendo awiri, kenako n'kumuuza kuti abwere ndi munthu womudziwa kuyambira ali mwana. Anapita ndi abambo.

Tsiku limenelo likanakhala loseketsa likanakhala la munthu wina. Adokotala akafunsa ngati mwanayu ankataya zinthu, abambo ankati inde, koma aliyense amataya. Akafunsa ngati ankayamba ntchito zisanu osamaliza ngakhale imodzi, abambo ankati nanga pali munthu amene satero? Akafunsa ngati akagwira chinthu chomusangalatsa ankaiwala kudya, abambo ankati imeneyo ndiye ntchito, mayi, ntchito imatero. Adokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi kwa kanthawi, n'kulemba china chake. Pomaliza anauza Kamvuluvulu kuti ali ndi ADHD, kuti si misala ndipo si ulesi, koma kuti ubongo wake umavutika kusunga chidwi pamalo amodzi ndi kumva mmene nthawi ikupitira, kuti anabadwa nazo, ndipo kawirikawiri zimayenda m'magazi. Anamulembera mapiritsi a m'mawa, n'kumuuzanso za gulu la anthu ngati iye limene limakumana Lachinayi lililonse.

Pobwerera anakwera basi. Ali m'njira abambo anati, "Ndiye chili ndi dzina. Ine zaka zonsezi ndimachitchula kuti uchitsiru wanga." Onse awiri anapitirira siteji yawo, anachita kubwerera wapansi.

Shopu ya abambo inali kakachipinda ka kunsi kwa masitepe a nyumba ina yosanja, pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Ankakonza mawotchi. Munthu amene sanafikepo pa nthawi pa ukwati, pa msonkhano kapena pa chakudya, moyo wake wonse anathera kukonza nthawi ya anthu ena, ndipo ankaikonza bwino zedi. Mwini nyumbayo ankafuna kachipindako mwezi ukatha, choncho katundu wa makasitomala ankayenera kubwezedwa kwa eni ake.

Kamvuluvulu ndi Ahedi atafika kushopuko, wometa uja anatuluka atagwira lumo, anapepesa maliro, kenako n'kudandaula. Anati chitsekereni shopuyo muli wotchi ina imene imalira tsiku lililonse wani koloko masana, imalira mpaka kutopa yokha, ndipo dzana anatsala pang'ono kudula khutu la kasitomala. Anapempha kuti akaipeza aichotse batire, kapena amupatse iye aiponde.

Atatsegula loko, Ahedi anagwira njakata. Mawotchi anali ponseponse, pakhoma, m'zitini, m'makapu, ena atapachikidwa pamisomali, ndipo iliyonse inkanena nthawi yakeyake. Buku la mayina panalibe. M'malo mwake wotchi iliyonse inali ndi kapepala komangirira ndi ulusi, kolembedwa ndi pensulo: wa chipewa chofiira amene amaseka ngati mbuzi, mayi wa mapasa, wamtali wonunkhira sopo, amene anandiuza za mano ake. Ahedi anati awa si malekodi, ndi zithunzi za m'mutu mwa munthu, ndipo munthuyo anapita nazo kumanda. Koma Kamvuluvulu ankangowerenga n'kudziwa. Wa chipewa chofiira ndi wogulitsa nyuzipepala pakona, wonunkhira sopo ndi wa kotsukira magalimoto. Abambo dzina silinkawakhala m'mutu, koma munthu ankawakhala, ndipo iyenso ndi momwemo.

Anagwira ntchito mpaka dzuwa kufika pamutu, wina akuwerenga timapepala, wina akulemba mndandanda. Kamvuluvulu anaona kuti mtima wa achemwali ake wafewako, n'kuganiza kuti nthawi yake ndi imeneyi.

"Achemwali, pali chimene sindinakuuzeni. Adokotala anandipeza ndi ADHD. Ndikumwa mankhwala, ndipo zikusintha. Amayi ndisiyireni, ndiyesetsa."

Ahedi anaika bolopeni pansi. Anati zimenezo amazidziwa kuposa iye, m'kalasi iliyonse ali nawo atatu kapena anayi, ana okwera pamadesiki, ndipo n'za ana. Munthu wa imvi ziwiri pachipumi asabwere ndi zilembo zinayi kudzaveka ulesi jekete. Kamvuluvulu anati abambo anapita naye, anamva okha. Apo ndiye anaputa mavu.

"Usawatchule abambo. Tinakutuma bulangete. Bulangete basi. Iwo akuzizidwa, akufunsa kuti mwana uja wafika? Unabwera patatha maola atatu, manja ali dzimbiri, iwo atatseka kale maso. Ndiye lero ndikusiyire amayi?"

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinapweteka. Tsiku limenelo anafika kunyumba akuthamanga, anatenga bulangete, n'kulowa kukhitchini kukamwa madzi. Mpopi unkadontha, womwe uja abambo ankati aukonza mawa kwa chaka chathunthu. Anaganiza kuti akatuluka m'chipatala adzasangalala kuupeza uli bwino, ndi ntchito ya mphindi zisanu. Anatenga sipanala. Atadzutsa mutu dzuwa linali litapendeka. Mpopiwo tsopano sudontha.

Kamvuluvulu anakhala pa kampando ka abambo, misozi ikugwera pa timasikuludiraiva tawo. Ahedi anayang'ana kukhoma, chifukwa mawu akatuluka sabwerera.

Ndiye wotchi ija inalira. Inali ndi liwu lokwiyitsa ngati la mwana wanjala, ndipo kuseri kwa khoma wometa anamveka akutukwana. Anaisaka m'zitini ndi m'makatoni, mpaka Ahedi anakoka dirowa yapansi penipeni. Inali kunsi kwa malamba akale, yokulungidwa m'nyuzipepala, yomangidwa bwinobwino. Inali kawotchi ka patebulo kobiriwira, kakale koma kopukutidwa mpaka kuwala, ndipo pa mawotchi onse a m'shopumo ndi kokhako kamene kankagwirizana ndi ya pamkono pa Ahedi. Pa kapepala kake panalembedwa kuti: Ya Kamvuluvulu. Lachinayi. Ikalira siya chimene wagwira, ngakhale chikome bwanji. Nyamuka.

Wometa anasuzumira pakhomo n'kuizindikira. Anati madalawo anakhala nayo milungu iwiri, akubweza makasitomala, akuti ndi ya bwana wamkulu. Tsiku lililonse poweruka ankati mawa ndiitenga. Kenako anati aisunge pabwino kuti isatayike, ndipo aliyense wowadziwa akudziwa kuti chimene abambo asunga pabwino ndiye chatayika. Anaikonza, anailembera, anaitchera, n'kuiwala kupita nayo kunyumba.

Ahedi anawerenga kapepalako kawiri, n'kufunsa kuti Lachinayi kumakhala chiyani. Kamvuluvulu anawauza za gulu lija, kuti limayamba thu koloko, ndipo chigonekereni abambo sanapiteko. Tsikulo linali Lachinayi.

"Pita," anatero Ahedi osamuyang'ana. "Yalira."

Gululo limakumana kuchipatala, m'kachipinda kakuseri kwa kolandirira mankhwala, pa mipando ya pulasitiki, ndipo ngakhale papepala amati thu koloko, palibe tsiku limene linayambapo isanakwane hafu. Anamwino amene amalitsogolera anasiya kalekale kudandaula. Pali dalaivala wa malole amene amalowa ndi chipepeso chomwechomwecho sabata iliyonse, pali mayi loya amene amaluka juzi kuti amve zimene ena akunena, pali wowotcherera zitsulo, chimunthu chachikulu cha manja a zipsera, ndi ena atatu. Kamvuluvulu anafotokoza zonse, za bulangete, za mpopi, za Lamlungu. Kanali koyamba kunena za mpopiwo pamaso pa anthu, ndipo palibe amene anadabwa. Onse anangogwedeza mitu ngati anthu amene aliyense ali ndi mpopi wakewake.

Wowotcherera uja ndi amene analankhula. Anati anthu amaganiza kuti ukaiwala ndiye kuti sukonda, koma iye ali ndi funso limodzi: munthu wosakonda bambo ake angawakonzere mpopi? Anati chisonicho chisenze, n'chako, koma usachisandutse chigamulo choti ndiwe munthu wosadalirika mpaka kufa. Anamwino anawonjezera zimene amanena sabata iliyonse, zoti mapiritsi amathandiza koma mutu wathu si kabati yosungiramo zinthu, chimene sukufuna kuiwala uzichiika pamene phazi lichipunthwe. Kenako anafunsa kuti kodi amayiwo ankawapatsa mankhwala ndani. Kamvuluvulu anati abambo. Anafunsa ngati ankadumphitsa. Kamvuluvulu anaganiza, n'kuyankha kuti ayi, ngakhale tsiku limodzi.

"Munthu ngati ife, zaka khumi ndi chimodzi osaphonya?" anatero wowotcherera. "Ameneyo anali ndi njira. Kaifunefune."

Anamwino anamupatsa kapepala kofotokozera achibale za ADHD ya akuluakulu, ndipo loya uja anachita kumumangirira ndi ulusi wa juzi pa chogwirira cha chikwama kuti kasatsale mu basi. Kanafika. Ahedi anakawerenga atakhala patebulo, bolopeni yofiira ili m'manja mwachizolowezi, koma sanachonge kalikonse. Anangoti mpaka Loweruka mankhwala a amayi apereke iyeyo, iwo angoona.

Njirayo anaifunafuna. Anafunsa amayi, amayi anati njira yanji, bambo ako ankangobwera ngati nkhuku yothyoka mwendo. Anayang'ana pakalendala, kuseri kwa chitseko cha kabati, m'matumba a majekete, koma anangopeza timapepala ta anthu oseka ngati mbuzi. Ndiye anatchera kawotchi kobiriwira kaja seveni koloko m'mawa. Lachisanu kanalira, iye anadzuka, anapereka mankhwala pa nthawi yake, ndipo tsiku lonse anayenda ngati wapambana mayeso.

Loweruka kanaliranso. Anatenga botolo, n'kupita kukhitchini kukatunga madzi. Nthawi ya m'mawa ndi imene imamuvuta kwambiri, mapiritsi ake omwe asanayambe kugwira ntchito. Pasinki panali poto wopserera wa dzulo, ndipo anati angomuviika. Pomuviika anaona kuti kupsererako kukuchoka mosavuta. Atatembenuka, poto ali mbee, anapeza Ahedi akuchokera kuchipinda kwa amayi ndi kapu yopanda madzi. Botolo anali atalitenga pawindo pamene iye analisiya. Panali patadutsa mphindi makumi anayi.

Ahedi sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangotsuka kapuyo, n'kukatsitsa sutukesi ya amayi pamwamba pa kabati. Amayi atamva zipi ikutseguka anatembenukira kukhoma. Kamvuluvulu anakhala pa sitepe ya kuseri, poto ali pamiyendo, ndipo anadzida kuposa tsiku lina lililonse.

Masana a tsikulo analongedza zovala za abambo kuti akapereke kwa osowa. Amayi anakhala pampando, chovala chilichonse ankayamba achigwira kaye, kuchinunkhiza, n'kunena kumene chinagulidwa. Malaya anatha, mathalauzi anatha. Ahedi anapita kuseri kwa chitseko chakumaso kukatenga nsapato. Abambo anali ndi peyala imodzi yokha, yakuda, yodyeka zidendene, ndipo inali pomwepo chichokereni iwo, chifukwa tsiku limene anagwa anawanyamula m'mamawa opanda nsapato.

Atanyamula yakumanzere, munalira kanthu. Ahedi anaipendeketsa, ndipo m'dzanja mwawo munagwera botolo la mapiritsi a amayi, lomwe lija linasowa.

Amayi anafunsa kuti n'chiyani, Ahedi anawaika botololo m'manja, iwo n'kulizindikira ndi zala chifukwa chivindikiro chake chinali chong'aluka. Anati mwina linagweramo. Koma Kamvuluvulu anali ataimirira kale.

"Silinagweremo. Ankaliikamo dala. Madzulo povula ankaliponya mu nsapato, m'mawa akavala yakumanja, phazi lamanzere linkakumana ndi botolo. Sakanatha kutuluka m'nyumba muno asanakupatseni mankhwala, amayi. Akakupatsani ankalisiya pansi pomwepo kuti madzulo adzalipezenso."

Amayi anagwira pakamwa. Anati zaka zonsezi akhala akuwaseka, akuuza alendo kuti onani amuna anga a nsapato imodzi, ndipo botololo alikankha ndi tsache kangati, akukalipa kuti mankhwala sakhala pansi ngati mphaka. Iwo osayankha, kumangoti ikubwera. Analira, koma kulira kwake kunali kosakanikirana ndi kuseka, ndipo botolo analigwira pachifuwa.

Ahedi anakhala pansi penipeni, pasimenti, munthu amene sakhala pansi ngakhale pamaliro. Nsapato inali pamiyendo pawo. Anati moyo wawo wonse ankaganiza kuti abambo ndi munthu wabwino koma wosasamala, ndipo anawakalipirapo kangapo ngati mwana wa sitandade wani. Sanadziwe kuti munthu angamamenyane ndi mutu wake tsiku ndi tsiku mwakachetechete, n'kumapambana pa chinthu chimodzi chimene chinali chofunika. Kenako anatembenukira kwa mng'ono wawo.

"Botolo ili ndinati wataya ndiwe. Ndinalakwa. Za bulangete zija ndinanena ndi mkwiyo. Ndinali pomwepo, ndinawafunditsa juzi yanga, sanafe akuzizidwa. Ndipo pamene ankafunsa za iwe ankamwetulira, akuti mwana uja wapeza chokonza."

Kamvuluvulu analira kuposa mmene analirira pa tsiku la maliro. Ahedi si munthu wokumbatira anthu, koma anamukoka n'kumugoneka mutu paphewa pawo, akumusisita kumsana mwamphamvu ngati akufufuta bolodi.

Zotsalazo anakambirana ngati anthu akuluakulu. Ahedi anati si kuti mantha awathera, ndipo poto wa m'mawa uja sanamuiwale. Ayesa mwezi umodzi. Iwo aziimba foni hafu pasiti seveni tsiku lililonse belu la sukulu lisanalire, osati kufufuza, koma kuti pakhale munthu wachiwiri. Mayi woyandikana nawo nyumba apatsidwa kiyi wa nyumbayo. Lachinayi n'losakambirana, kawotchi kakalira azinyamuka, ndipo tchuthi chikubwerachi iwo adzapita nawo kukaona anamwinowo, chifukwa ali ndi mafunso okhudza ana ena a kusukulu kwawo amene akhala akuwaimika panja zaka zonsezi. Amayi anati sutukesiyo ibwerere kumene inachokera, ikuwatsekera njira. Nsapato za abambo sizinalowe m'katoni.

Lamlungu m'mawa nyumba inali piringupiringu. Basi ya Ahedi inkanyamuka eyiti koloko, ndipo Kamvuluvulu ankawaperekeza kudepoti. Anali atayamba kuwakonzera kamba wa panjira, n'kusiya kuti akawapezere chingwe chomangira katoni, n'kusiyanso chifukwa chingwecho chinali m'dirowa mmene munali zithunzi zakale. Ahedi anaima pakhomo, chikwama kukhwapa. Kamvuluvulu anathamangira kuseri kwa chitseko n'kupeza kuti nsapato zake zonse zasowa, patsala peyala imodzi yokha, ya kuntchito, itaikidwa pambali pa za abambo. Ahedi anati zinazo azikweza pamwamba pa kabati, munthu mmodzi safuna mapazi khumi.

Anavala yakumanja. Phazi lamanzere litangolowa, chala chinagunda kanthu kolimba.

Anadzutsa mutu. Ahedi ankayang'ana kunja, ngati kuti pamsewu pakuchitika zinthu zofunika kwambiri. Kamvuluvulu anati basi iwasiya. Ahedi anati ikawasiya kuli ina.

Anatulutsa botololo, anatunga madzi pa mpopi uja, maso osayang'ana kusinki, n'kulowa mukolido, phazi lina gu, lina phwa. Kuchipinda amayi anali asanadzuke. Atamva mapaziwo, anatambasula dzanja asanatsegule n'komwe maso.